Kodi mpweya wa mbaula zathu ukugulitsidwa kwa yani, ndipo ndalama zake zikuthera kuti?

Mayi Nachisale, Balaka

Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere ku banki mkhonde yathu, ndipo ndikupempha amene mumadziwa za chuma ndi zachilengedwe kuti mutiunikire. Chaka chatha m'mudzi mwathu munabwera anyamata a kampani ina, imene sinditchula dzina, atanyamula mbaula zadothi za mtundu uja wa chitetezo, ndipo ankazipereka pa mtengo wotsika kwambiri kuposa umene timagulira kwa amayi oumba. Aliyense wolandira ankamujambula ataima pakhomo la khitchini yake, ankalemba nambala yake ya foni ndi malo enieni a nyumba yake, kenako ankamupatsa pepala kuti asaine kapena adinde chala. Ine ndinasaina osawerenga, chifukwa pepalalo linali la Chingerezi, mzere unali wautali, ndipo dzuwa linali likuswa mtengo.

Mwezi watha mwana wanga wa ku sekondale anawerenga pepalalo ndipo anandiuza kuti muli mawu akuti ndapereka kwa kampaniyo umwini wonse wa carbon credit yochokera pa mbaulayo. Amayi anzanga akundifunsa ine, poti ndine msungichuma, kuti kodi tagulitsa chiyani, ndipo ena ayamba kale kunong'onezana kuti mwina tinasainira ngongole kapena malo. Mbaula yokha ndi yabwino, sindinganame: mtolo wa nkhuni umene unkatha masiku atatu tsopano umafika masiku asanu, ndipo maso sakuwawanso ndi utsi ngati kale. Koma ndikufuna kudziwa chimene tinapereka, amene akuchigula, ndi chifukwa chimene palibe anatifotokozera m'Chichewa.

Aphunzitsi Gondwe, Zomba

Mayi Nachisale, choyamba auzeni anzanuwo kuti mitima ikhale m'malo. Ngati pepalalo likunena zimene mwana wanu wawerenga, simunasainire ngongole ndipo simunapereke malo. Chimene munapereka sichioneka ndi maso, koma chili ndi mtengo pa msika wa kunja. Nkhuni zikamayaka zimatulutsa mpweya wa kaboni, umene ukachuluka mumlengalenga umasunga kutentha ndi kusokoneza nyengo. Mbaula yanu ikachepetsa nkhuni, kampani imawerengera mpweya umene sunatuluke, ndipo tani imodzi iliyonse ya mpweya wopewedwawo imasanduka carbon credit imodzi. Mabungwe monga Verra ya ku Washington ndi Gold Standard ya ku Geneva ndiwo amavomereza mawerengedwewo ndi kuwalemba m'kaundula, kenako makampani a ndege, a mafuta ndi ena a m'mayiko olemera amagula ma credit amenewa kuti azinena kuti afafaniza mpweya umene iwo eni atulutsa. Chithunzi chija, nambala ya foni ndi malo a nyumba ndi umboni wakuti mbaula ilipodi ndipo ili pamoto. Mtengo wotsika umene munagulira ndiwo malipiro anu, ngakhale palibe anakuuzani choncho. Kusiyana kwake ndi kwakuti inu mbaula munalandira kamodzi, pamene ma credit amawerengedwa chaka ndi chaka kwa nthawi yonse imene mbaulayo ikuonedwa kuti ikugwira ntchito.

Limbani, Dedza

Ndikuthokoza aphunzitsi chifukwa cha kulongosola kumeneku, ndipo ndiwonjezerepo zimene ndinaona ndi maso anga, popeza ndinagwirapo ganyu yoyendera mbaula zoterezi kwa miyezi ingapo m'midzi ya kuno. Tinkapatsidwa mndandanda wa nyumba, foni yokhala ndi mafunso, ndi sikelo yopachika yoyezera nkhuni. Tikafika pakhomo tinkafunsa mayi ngati akuphikira pa mbaula tsiku lililonse, ndipo pafupifupi aliyense ankavomera, chifukwa munthu sanganyoze mphatso pamaso pa amene anamupatsa, komanso ambiri ankaganiza kuti akayankha bwino adzalandiranso china. Koma ukasuzumira m'khitchini unkapeza mafuwa atatu ali ndi phulusa lotentha, mbaula ili pakona, ndipo pa nyumba ina ndinapeza nkhuku itaikiramo mazira. Sikuti amayiwo ankanama mwadala. Mbaula imakwanira ndiwo ndi nsima ya banja laling'ono, koma mphika waukulu wa thobwa kapena wa pamaliro sukhalapo, ndipo mwezi wa June kuno ku Dedza anthu amafuna moto woti aothe, umene mbaula sipereka. Pa foni ija funso linali la inde kapena ayi, ndipo panalibe polemba kuti banja likugwiritsa ntchito zonse ziwiri. Ngati ife tinalemba inde pamene zoona zake zinali theka, ndiye kuti wogula wa kunja uja anagula mpweya umene unatuluka ndithu, ndipo iye anapitiriza kutulutsa wake ali ndi mtima woyera.

Aphunzitsi Gondwe, Zomba

A Limbani, zimene mwanenazi akatswiri anazipezanso. Kumayambiriro kwa 2024 ofufuza a pa yunivesite ya California ku Berkeley anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti ntchito za mbaula zimene anaziunika zinkalandira ma credit ochuluka kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa mpweya umene zinapewadi. Zifukwa zake ndi zomwezo: kukhulupirira mayankho a pakamwa, kusawerengera mafuwa amene akuyakabe, ndi kuyerekeza kuti mitengo yambiri yodulidwa sidzaphukanso. Mu October chaka chomwecho oimira boma pa milandu ku New York anatsegulira mlandu Kenneth Newcombe, amene anali mkulu wa kampani ya C-Quest Capital, pomuganizira kuti anasintha manambala a ntchito za mbaula, ndipo Malawi ndi Zambia anali m'gulu la mayiko otchulidwa. Ndikunena za mlandu wotsegulidwa, osati chigamulo, koma ukusonyeza kuti nkhani ya m'khitchini ya ku Dedza imafika mpaka m'makhoti a ku America.

Bambo Kamwendo, Lilongwe

Ine ndimagwira ntchito ku banki ina mumzinda muno, ku nthambi ya ngongole, ndipo ndikufuna kuwaikira kumbuyo pang'ono makampani amenewa, osati chifukwa ndi angelo, koma chifukwa ndimadziwa chimene chimachitika munthu akabwera kwa ife kudzafuna ndalama zoterezi. Tiyerekeze kuti gulu la amayi oumba labwera kudzapempha ngongole yoti liumbe mbaula 10,000. Funso langa loyamba lidzakhala la chikole, ndipo uvuni wowotchera dothi si chikole chimene banki ingalandire. Lachiwiri ndi la chiwongoladzanja. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ife obwereketsa tinkayambira chapamenepo kupita m'mwamba. Palibe bizinesi ya mbaula imene ingabweze ngongole yotero. Amene amabwera ndi ndalama za kaboni amalipira zonse poyamba, kuyambira dothi, galimoto, anyamata oyendera ngati a Limbani, mpaka akatswiri otsimikizira ochokera kunja, ndipo amadikira chaka kapena kupitirira asanagulitse credit ngakhale imodzi. Mtengo ukagwa, monga unagwera mu 2023 nyuzipepala ya The Guardian ndi anzake atalemba kuti ma credit ambiri a nkhalango anali opanda pake, otaya ndi iwo, osati Mayi Nachisale. Boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza mu 2013 kuti mbaula zosawononga nkhuni zidzafika 2 miliyoni pofika 2020, ndipo ndalama za kaboni zinathandizapo kuti zimenezi zitheke.

Vuto lomwelo lili pa sola. Kampani imagula mapanelo ndi mabatire ndi madola, koma imatolera makwacha kwa alimi pang'onopang'ono kwa chaka kapena zaka ziwiri. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngongole ya madola inatupa usiku umodzi pamene ndalama zotolera zinali zomwezo. Tikamanena za ndalama zoteteza chilengedwe, ine sindiona kusowa kwa anthu amtima wabwino. Ndimaona mtengo wa ngongole, ndi funso lakuti amene asenze chiopsezo cha kugwa kwa kwacha ndani.

Chifundo Mbewe, Nairobi

Bambo Kamwendo, zimene mwanena za chikole kuno ku Kenya anazipezera njira, ndipo ndi bwino tiione ndi ubwino wake ndi minga yake yomwe. Safaricom itayambitsa M-Pesa mu 2007, anthu amene mabanki ankawaona ngati osafunika anayamba kusunga ndi kutumiza ndalama pa foni. Kafukufuku wa FinAccess amasonyeza kuti anthu ogwiritsa ntchito njira zovomerezeka za ndalama anali pafupifupi 27 peresenti mu 2006, ndipo pofika 2021 anali atadutsa 83 peresenti. Pa msewu umenewu ndi pamene kampani ya M-KOPA inadutsa itayamba kugulitsa sola za m'nyumba mu 2012. Munthu amapereka dipoziti, amatenga panelo, batire, mababu ndi wailesi, kenako amalipira kandalama kochepa tsiku ndi tsiku pa foni, kofanana ndi kamene ankagulira palafini. Chikole ndi chipangizocho: muli SIM khadi, ndipo ukalephera kulipira magetsi amazima okha mpaka utalipira. Ukamaliza, chipangizo chimakhala chako, ndipo mbiri yako ya kalipiridwe imakutsegulira ngongole ina ya foni, ya wailesi yakanema, ngakhale ya njinga yamoto yoyendera batire.

Minga yake ndi iyi. Wosauka ndiye amagula sola modula kuposa wolemera amene amalipira kamodzi, ndipo mwezi wa njala kapena wa matenda nyumba imakhala mumdima ngakhale atalipira kale gawo lalikulu. Komanso msewu womwewo unabweretsa obwereketsa a pa foni amene ankachita ngati akatapila, kuimbira foni abale a munthu wangongole kuti amuchititse manyazi, mpaka banki yaikulu ya Kenya inakhazikitsa malamulo owalamulira mu 2022. Pa nkhani ya Mayi Nachisale, chimene ndingabwereke kuno ndi lamulo la 2024 la misika ya kaboni, limene limati anthu a m'dera azilandira gawo losachepera 40 peresenti pa ntchito zokhudza malo a anthu onse monga nkhalango, ndi 25 peresenti pa ntchito zina zosakhudza malo. Kaya likutsatidwa bwanji ndi nkhani ina, koma munthu ali ndi nambala yoti aloze akamadandaula.

Aphunzitsi Gondwe, Zomba

Pali chinthu chimodzi chimene timachimeza osatafuna, ndicho chakuti munthu akangolowa m'njira za banki ndiye kuti mpweya woipa uchepa. Sizili choncho nthawi zonse. Mnyamata wa kwathu kuno akapeza ngongole, chinthu choyamba chimene amagula ndi njinga yamoto ya kabaza, imene imamwa petulo kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Mayi akapeza mpamba ku banki mkhonde, bizinesi imene imabweza ndalama msanga m'tauni ndi kupikula matumba a makala. Mlimi akapeza ngongole yothirira, pampu ya petulo ndi yotchipa pogula kuposa ya sola. Onsewa sanalakwe, akuthawa umphawi, ndipo mpweya wawo ukukwera. Ndalama imangotsegula chitseko, koma chimene munthu adzatulukenacho chimadalira chimene chili chotchipa pa tsikulo.

Ku India kuli phunziro labwino. Mu 2014 boma la Narendra Modi linayambitsa Jan Dhan, ndondomeko yotsegulira anthu osauka maakaunti, ndipo maakaunti a ku banki oposa 500 miliyoni atsegulidwa kuchokera nthawi imeneyo. Mu 2016 linayambitsa Ujjwala, kupereka silinda ya gasi ndi zolumikizira kwa amayi osauka, thandizo la boma likulowa mwachindunji mu akaunti ya mayiyo, ndipo mabanja oposa 100 miliyoni alandira. Koma ambiri gasi woyamba atatha ankabwerera ku nkhuni ndi ndowe zouma, chifukwa kudzazitsa silinda kumafuna ndalama yochuluka nthawi imodzi pamene nkhuni amatola ulere. Akaunti inalipo, chitofu chinalipo, koma mafuwa sanazime, monga mmene a Limbani anapezera ku Dedza.

Tiyamike, Johannesburg

Ndawerenga zonse ndipo pepani akuluakulu, mtima wanga ukuwawa pang'ono. Tikukangana za mphika wa thobwa wa mayi wa ku Dedza ngati kuti ndiye akutenthetsa dziko. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani ya mpweya wochokera ku mafuta pa chaka, pamene munthu wa ku America amatulutsa matani oposa 13, ndipo Africa yense safika 4 peresenti ya mpweya wa dziko lapansi. Ngati mukufuna kuona utsi, bwerani mudzadutse ku Mpumalanga, kumene kuli malo opangira magetsi a malasha a Eskom, mudzaone mmene kumwamba kumakhalira. Pa msonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow mu 2021 mayiko olemera analonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni kuti ichoke pa malasha, koma zitaunikidwa zinapezeka kuti zambiri ndi ngongole ndipo mphatso ndi kagawo kochepa. Siteshoni ya magetsi a malasha ya Komati inatsekedwa mu 2022, ndipo anthu a m'tauni imeneyo anadandaula kuti ntchito zatsopano zimene analonjezedwa zinachedwa kwambiri. Mu 2025 America inatulukamo m'mgwirizanowo. Lonjezo la madola 100 biliyoni pa chaka limene mayiko olemera anapereka kwa mayiko osauka pa nkhani zanyengo ku Copenhagen mu 2009 linayenera kukwaniritsidwa pofika 2020, koma bungwe la mayiko olemera la OECD limati linakwaniritsidwa mu 2022. Ngati dziko lalikulu ngati lino limalandira ngongole m'dzina la thandizo, sindikudabwa kuti mayi wa ku Balaka walandira mbaula yadothi m'malo mwa gawo la malonda.

A Zulu, Chipata

Achemwali a ku Johannesburg anena zoona, koma ife a kuno sitingachepetse nkhani ya makala, chifukwa ngakhale sikutenthetsa dziko lonse ikutha mitengo yathu. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi a damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mabanja a m'tauni amene ankaphikira magetsi anabwerera ku mbaula ya makala onse nthawi imodzi. Njinga zonyamula matumba zinachuluka pa msewu ndipo mtengo unakwera. Chimene chinandipatsa chiyembekezo ndi chakuti kampani ya CEC Renewables inatulutsa green bond yoyamba ya Zambia, ngongole yotengedwa kwa anthu oika ndalama kuti ipite ku ntchito zoteteza chilengedwe, kumapeto kwa 2023, ndipo ndalama zake zinathandiza kumanga munda wa sola wa Itimpi ku Kitwe, wa mamegawati 60. Inunso muli ndi wa ku Salima wa mamegawati 60 ndi wa ku Golomoti wa 20, ndipo munaona kufunika kwake namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022. Koma magetsi amenewo amalowa m'mawaya, ndipo kumudzi kumene waya sanafike sapindula nawo.

Pa za kugawana ndalama za kaboni, tiyang'anenso tsidya lina la Zambezi. Ntchito ya nkhalango ya Kariba ku Zimbabwe inali imodzi mwa zazikulu padziko lonse, koma mu 2023 atolankhani anaulula mafunso aakulu pa kuchuluka kwa ma credit ndi pa ndalama zimene zinkafika kumidzi, mpaka kampani ya South Pole imene inkawagulitsa inachokamo. Chaka chomwecho boma la Zimbabwe linalengeza kuti lizitenga theka la ndalama zonse za kaboni, kenako linatsitsa kufika pa 30 peresenti amalonda atadandaula. Boma likatenga gawo lake sizitanthauza kuti mayi wophika walandira.

Mayi Nachisale, Balaka

Ndikuthokozani nonse, ndaphunzira zambiri ndipo zina ndazilemba m'kope la gulu. Bambo Kamwendo, ndamva kuti kampani inaika ndalama zake poyamba, ndipo sindikunena kuti atipatse zonse. Ifenso ku banki mkhonde timadziwa kuti wogula masheya ambiri ndiye amatenga zambiri tsiku logawana. Koma pa tsikulo bokosi limatsegulidwa pamaso pa aliyense, makiyi atatu ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza mawu. Ndicho chimene chikusowa apa. Ngati mbaula yanga ili ndi sheya m'malonda amenewa, ine ndi amene ndimaikoleza m'mawa uliwonse, ndimaisamala kuti isasweke, ndipo ndikaisiya malondawo atha. Chimene chikundizunguza mutu ndi nambala ya foni ija. Nambala yomweyo ndi imene ndimalandirira ndalama pa Mpamba kuchokera kwa mchimwene wanga, ndi imene ndimalipirira sola ya m'nyumba, ndipo tsiku limene ndachedwa kulipira uthenga umandipeza dzuwa lisanalowe. Ngati njirayo ikutha kutenga ndalama kwa ine mosaphonya, ikulephera bwanji kubweretsa kangachepe kwa ine mbaula ikagulitsa mpweya?

Bambo Mwale, Leeds

Monga woyang'anira gulu ndimayesetsa kusalowerera, koma funso la Mayi Nachisale lili ndi yankho limene linachitika kwathu komwe. Namondwe Freddy atakantha chigawo cha kumwera mu March 2023, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo chiwonongeko chinawerengedwa kupitirira madola 500 miliyoni. Boma la Scotland, limene linali loyamba kulonjeza ndalama za kutayika ndi kuwonongeka kobwera ndi kusintha kwa nyengo pa msonkhano wa ku Glasgow, linapereka ndalama kudzera ku bungwe la GiveDirectly, ndipo mabanja a ku Nsanje analandira pafupifupi madola 750 lililonse pa foni zawo, popanda kuuzidwa chogula. Ambiri anamangira nyumba kumtunda. Choncho njira yotumizira ndalama zanyengo mwachindunji kwa munthu wa kumudzi ilipo ndipo yayesedwa kale m'Malawi. Ikapanda kugwiritsidwa ntchito pa mbaula, chifukwa chake si makina.

Bambo Kamwendo, Lilongwe

Bambo Mwale, ndikuvomereza kuti njira ilipo, koma tisafanizire madola 750 ndi zimene mbaula imodzi ingabweretse. Mbaula yadothi imapewa matani ochepa pa chaka, ndipo ngati mawerengedwe akonzedwa monga akunenera aphunzitsi, matani amenewo achepanso. Mukachotsa zolipira zonse ndi kugawa, chotsala cha nyumba imodzi chingakhale ndalama yoti ikathera pa mtengo wotapira kwa ajenti ndi wa kabaza wopita ku sitolo kumene kuli ajentiyo, amenenso nthawi zina amakuuzani kuti alibe ndalama zokwanira. Palinso china chimene timachiona ku banki tsiku ndi tsiku: nambala yolembedwa pa fomu ya mayi kawirikawiri imakhala ya bambo, chifukwa foni m'nyumba ndi imodzi ndipo imayenda m'thumba la mwamuna. Ndalama ya utsi umene mayi wapewa ingathere pa bawo. Ine ndikanakonda kuti gawolo lizilowa m'bokosi la gulu ngati lanulo, Mayi Nachisale, kamodzi pa chaka, mudzi wonse pamodzi, kuti likhale mpamba wobwereketsana. Pamenepo ndalama ya kaboni ingathe kugulira wina pampu ya sola pa chiwongoladzanja chimene gulu lagwirizana, osati chimene ine ndingakupatseni.

Limbani, Dedza

Ganizo limeneli ndi labwino, koma ndikuchenjezeni monga munthu amene ananyamulapo sikelo. Tsiku limene mudzalengeze kuti wophikira pa mbaula adzalandira ndalama, palibe nyumba imene idzavomere kuti mafuwa akuyakabe, ndipo woyendera akadzaoneka kumsewu ana adzathamanga kukauza amayi kuti akolezere mbaula. Bodza limene linali la ulemu lidzasanduka la malonda. Masiku ano kuli tizipangizo toyeza kutentha timene amamangirira pa mbaula, tolemba nthawi iliyonse imene yayaka, ndipo ena amayeza nkhuni za banja masiku angapo otsatizana m'malo mofunsa. Zimenezi ndi zodula ndipo ma credit amatuluka ochepa, koma ndi okhawo amene wogula wanzeru angawakhulupirire. Kugawana ndi kuyeza koona ziyenera kubwera limodzi, apo ayi tidzakhala tikugawana ndalama ya chinyengo.

Aphunzitsi Gondwe, Zomba

Mayi Nachisale, kuti musangochoka ndi nkhani zokha, pali zimene mungachite. Pansi pa ndime 6 ya pangano la zanyengo la ku Paris la 2015, ma credit amene dziko lina likufuna kuwawerengera ngati ake amafuna chilolezo cha boma la dziko limene achokera, ndipo mu 2023 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa Malawi Carbon Markets Initiative kuti boma liziyang'anira malonda amenewa. Choncho kampaniyo sikugwira ntchito m'tchire. Pitani ku ofesi yoona zachilengedwe ku khonsolo ya boma lanu, limodzi ndi a mfumu kapena a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, mukafunse ngati ntchitoyo ikudziwika. Pemphani kampani ikupatseni pepala lija m'Chichewa, ikuuzeni zaka zimene mwapereka umwiniwo, ikuuzeni ngati mbaula ikasweka idzabweretsa ina, komanso dzina ndi nambala ya ntchitoyo m'kaundula wa Verra kapena Gold Standard. Makaundula amenewa ali poyera pa intaneti, ndipo mukanditumizira nambalayo ndikuwerengerani ma credit amene atuluka kale ndi zimene kampani inalemba kuti idzachitira anthu a m'dera. Ntchito zoterezi zimayenera kukhala ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo nthawi zambiri zimene analonjeza m'mapepala a kunja zimaposa zimene ananena pansi pa mtengo.

Mayi Nachisale, Balaka

Ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Lachinayi tinakumana monga mwa nthawi zonse, ndipo titamaliza kugula masheya ndinawawerengera amayi zimene munalemba. Atamva kuti si ngongole ndiponso si malo, mayi wina wachikulire anaseka n'kunena kuti moyo wake wonse utsi wakhala ukumuliza misozi, sankadziwa kuti uli ndi ogula. Tinawerengana ndipo tinapeza kuti mwa amayi 24 amene tinalandira mbaula, 9 analembetsa nambala za amuna awo, 5 mbaula zawo zinasweka kale ndipo palibe anabwera kudzaona, ndipo pafupifupi tonse timakolezabe mafuwa tikamaphika nyemba kapena madzi osamba. Tagwirizana kuti woyendera akadzabwera tidzamuuza zimenezi mmene zilili. Mlembi wathu walemba kalata yopempha pepala la Chichewa, zaka za panganolo ndi nambala ya m'kaundula, ndipo a mfumu avomera kudindapo. Lolemba ine ndi wapampando tikwera minibasi kupita nayo ku khonsolo, ndipo ndalama ya ulendo yachokera m'thumba la zadzidzidzi. Aphunzitsi Gondwe, kumbuyo kwa pepala lija mwana wanga wapeza manambala ena ang'onoang'ono pansi penipeni, ndipo ndikutumizirani chithunzi chake madzulo ano foni ikadzaza moto.